Amene mimba imakuvutani, Sobo ndi Fanta si mankhwala ayi

Abale ndikufuna tiuzane izi, makamaka inu amene mimba imangotsegula pafupipafupi ndipo adokotala anakuletsani mkaka, zokazinga ndi zina zambiri. Thupi likataya madzi ambiri mumamva chizungulire, kukamwa kuuma, miyendo kukokana, nde ambiri timathamangira Sobo kapena Fanta poganiza kuti tipeza mphamvu. Ayi ndithu, shuga wochulukayo amakoka madzi kubwera nawo m'matumbo, kutsegulako kumangoonjezeka.

Thanzi ORS, wa m'paketi wosungunula m'madzi uja wobwezeretsa madzi m'thupi, ndiye woyambirira, koma akasowa pangani nokha. Madzi owiritsa ndi kuziziritsa lita imodzi, ndiye kuti mabotolo awiri a 500ml, shuga tisupuni ta tiyi 6, mchere theka la kasupuni, osasefukira ayi, mudutsitse mpeni pamwamba kuti zifanane. Shuga pang'onoyo ndi amene amathandiza mchere ndi madzi kulowa m'thupi nchifukwa chake muyeso wake ndi wofunika, osangothira mwa maso. Mukalawa zisawawe mchere kuposa misozi. Imwani pang'onopang'ono, ndipo pakatha maola 24 tayani mupange zina.

Ena amagwiritsa madzi a mpunga wowiritsa othira kamchere, amakhazikika bwino m'mimba. Nthochi yakupsa ngati simunaletsedwe imabwezeretsa potaziyamu, mtundu wina wa mchere wofunika m'thupi, yemwe mu zopanga pakhomozi mulibe.

Koma chonde a shuga, a BP ndi a impso funsani kaye kuchipatala musanayambe. Ndipo mukaona magazi m'chimbudzi, mukusanza chilichonse kapena mkodzo wasiya kubwera, musadikire mawa, pitani lero lomwe.