Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Musi wa bango

Zikomo nonse amene mwakhala mukundikumbutsa kuti ndipitirize. Achemwali a ku Leeds, uthenga wanu ndinauona, pepani pochedwa.

Paja tinalekeza nditagula laputopu yakale ija ndi ndalama za ku Joni. Ndinabwerera kwathu ku Ntcheu ndi katuni yanga yoyamba: mayi akusinja, masekondi 10 okha. Zithunzi 12 pa sekondi, zonse pamodzi 120, milungu itatu osagona mokwanira. Ndinkadzimva katswiri.

Ndinawaonetsa amayi tili pakhonde. Anaonera kawiri, kenako anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. "Mwanawe, ameneyu akonola liti? Musi wakewo ndi wa bango?"

Mawu amenewo anandilasa. Akanakhala munthu wina ndikanati ndi nsanje, koma amayi? Ndinatseka laputopu mwakachetechete, nsima ya tsikulo ndinangoigwira mbamu imodzi. Usiku wonse ndinkangomva kuseka kuja.

M'mawa anatulutsa mtondo. "Khala apo, uone." Asanakweze musi, ankayamba apinda mawondo pang'ono. Musi umanyamuka, ukafika pamwamba umachedwa ngati ukuganiza, kenako thi! Ukagunda, thupi lonse limafupika. Mwana wa mlongo wanga amene amayi anamubereka kumbuyo, mutu wake unkagwedezeka musi utagunda kale. Mpango nawonso unkatsalira.

Apa m'pamene ndinaona cholakwa changa. Zithunzi zanga zonse ndinaziika motalikirana mofanana, n'chifukwa chake musi unalibe kulemera. Pamwamba pamafunika zithunzi zambiri zothithikana, potsika ziwiri kapena zitatu zotalikirana. Ndipo mayi wanga wa m'katuni ankangoyamba kusinja osakonzekera, ngati chidole cha mawaya.

Patapita zaka ndinadzawerenga kuti Frank Thomas ndi Ollie Johnston, ojambula a ku Disney, analemba mfundo 12 za ntchito yojambula makatuni mu 1981. Zinayi mwa izo ndinali nditaziona kale pamtondo paja. Amalume amene munkati ndikutha nthawi ndi zoseweretsa ana, ndikudziwa mumawerenga, mutuwu sindinautseke.

Ndinajambulanso zonse, mwezi wathunthu. Amayi ataonera sanaseke. Anayandikitsa nkhope pa laputopu n'kunena kuti, "Koma watopa mayiyu. Palibe womulandira?"