Chitsekero cha botolo chinandibweza m'kalasi

Mtsikanayo anali m'gulu la ana okhoza kwambiri m'kalasi mwanga. Pa mayeso a kosi yoyeza ukhondo wa madzi anapeza malikisi amene ine sindinawalaweko pa nthawi yanga. Ndiye atatumizidwa kuno ku Mulanje kudzaphunzira ntchito chakumapeto kwa 2022, ine ndili pa tchuthi kumudzi kufupi ndi Likhubula, ndinamutsatira ku mjigo tsiku lina ndi mtima wonyada, ngati kholo lopita kukaonerera mwana wake akuvina.

Anatulutsa botolo m'chikwama, natsegula, chitsekero n'kuchivundikira pa simenti pomwe amayi amakhazika ndowa. Sanadikire kuti madzi oyamba atayike. Anatunga mpaka pakamwa, natola chitsekero chija, kuchipukuta mkati ndi chala chachikulu, basi n'kutseka. Mlangizi wa zaumoyo amene anatiperekeza, bambo wachikulire woyenda pa njinga yakapalasa, anayang'ana ine, osati mwanayo. Kenaka anafunsa chapansipansi, "Aphunzitsi, kapena masiku ano zinasintha?"

Sizinasinthe. Botolo limene lija likanafika ku labu, bwenzi tikuyeza chala cha mwana ndi matope a pa simenti, mlandu n'kugwera mjigo wa anthu osalakwa. Komanso tinali mkati mwa kolera uja anayamba mu Malichi 2022 n'kudzatenga anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Sinali nthawi yosewera ndi madzi.

Chondiwawa n'chakuti mwana yemweyu, papepala, anandilembera zonse bwinobwino: kuti bungwe la WHO limati m'madzi akumwa okwana mamililita 100 musapezeke E. coli, kachilombo kosonyeza kuti m'madzi mwalowa chimbudzi, ngakhale kamodzi, kuti botolo lizisungidwa pozizira, kuti lifike ku labu maola asanapite patali. Ndinachonga, ndinalemba pambali kuti wachita bwino. Chikomekome cha mkuyu. Masabata onse a semesita mwanayo anali asanagwirepo botolo, chifukwa ine mphunzitsi wake ndinali ndisanamupatsepo.

Ndinene mmene ndinakhalira mphunzitsi, poti sindili ndekha. Sukulu za ukachenjede zachuluka mofulumira. LUANAR inaima payokha mu 2012, MUST ya ku Thyolo inalandira ophunzira oyamba mu 2014, University of Malawi inagawidwa mu 2021 n'kubala MUBAS ndi KUHeS, osawerengera za mipingo ndi za anthu wamba. Makalasi onsewo amafuna munthu woima kutsogolo. Ambiri a ife tinakhoza bwino digiri, tinaitanidwa, tinapatsidwa ndondomeko ya kosi ya masamba awiri ndi kiyi wa ofesi. Mphunzitsi wa pulayimale amayamba wapita ku TTC kukaphunzira kaphunzitsidwe. Ife a ku koleji timangoganiziridwa kuti poti phunzirolo tikulidziwa, ndiye kuti kuliphunzitsa tidziwanso. Ine ndinachita chimene ndinaona: ndinafukula manotsi a aphunzitsi anga, kuwaika pa kompyuta, n'kumawalakatula maola awiri.

Pa koleji pomwe ndimaphunzitsa, kuno kummwera, pali kaofesi kothandiza aphunzitsi pa kakonzedwe ka makosi. Uthenga wawo woitanira ku maphunziro ndinkaudumpha, ndinkati n'za anthu a edukeshoni. Titatsegulira ndinapitako ndekha, manyazi a pa mjigo akundikankha.

Amene ankatsogolera ndi mayi wina amene waphunzitsa zaka zambiri kuposa zimene ine ndakhala ndi ndevu. Ndinabwera ndi laputopu yodzaza, ndikufuna andithandize kukometsa manotsi. Iwo anati nditseke. Anandipatsa pepala loyera.

"Achimwene, lembani apa. Mwana akamaliza kosi yanuyi, azitha kuchita chiyani chimene sakanatha asanakumane nanu?"

Ndinalemba kuti azimvetsa za ukhondo wa madzi.

"Kumvetsako inu mudzakuona bwanji? Kuli ndi mtundu? Mungakujambule?"

Aphunzitsi anzanga amene analipo anaseka, inenso ndinaseka, koma funsolo linandikhala pakhosi. Tsiku lonse tinalimbana ndi mawu amodziamodzi. Anatisonyeza makwerero amene Benjamin Bloom ndi anzake anasanja mu 1956, oyambira pa kukumbukira chinthu, kudzera pa kuchigwiritsa ntchito, mpaka pa kuchiweruza. Nditatenga mapepala anga a mayeso a zaka zitatu n'kuika funso lililonse pa khwerero lake, pafupifupi onse anaunjikana pansi: tchulani, fotokozani, perekani zifukwa zinayi. Ana anga sanali aulesi. Ankachita ndendende chimene mayeso anga ankalipira, ndicho kuloweza. Mwana wa sukulu amanunkhiza kumene kuli malikisi ngati nyerere pa shuga, ndipo sindimuda nazo, nanenso ndinali wotero.

Mfundo yeniyeni ndi ya John Biggs, mphunzitsi wa ku Australia, amene mu 1996 anaitcha constructive alignment. M'Chichewa chathu ndinganene kuti mafuwa atatu akhale ofanana msinkhu: chimene ukufuna mwana adzathe, chimene amachita m'kalasi, ndi chimene umamuyesa. Fuwa limodzi likafupika mphika umapendekeka. Wanga unali utatayikira kale pa simenti ya mjigo.

Ndiye ndinayambira kumapeto. Ndinalemba zinthu zinayi zokha, ndipo choyamba chinali chakuti mwana azitha kutunga madzi pa mjigo, pa mpopi kapena pa mtsinje osawaipitsa. Mayeso ake ndinawalemba ndisanakonze phunziro lililonse: mwana aime pa mpopi, ine ndili poteropo ndi pepala, ndikuona. Walemba pa botolo malo, tsiku ndi nthawi? Wasamba m'manja? Wasiya madzi atayike kaye? Chitsekero chili m'manja chozondoka, chala osalowa mkati? Wasiya kampata pamwamba kuti ku labu akathe kukhutchumula? Ngati madziwo ndi othira klorini, watenga botolo lokhala ndi sodium thiosulphate, mankhwala oziziritsa mphamvu ya klorini kuti asapitirize kupha tizilombo m'njira? Zinthu zazing'ono zokhazokha, koma ndi zimene zimasiyanitsa zotsatira zoona ndi zabodza.

Nditatero ndinaona kuti masabata atatu a mbiri ya kayezedwe ka madzi alibenso malo. Kudula kunawawa. Manotsi ena ndinawakonda chifukwa ndinawavutikira usiku magetsi atathima, osati chifukwa mwana ankawafuna.

Si zonse zimene mphunzitsi angasinthe yekha. Ndondomeko ya kosi ndi chikalata chovomerezedwa, chimadutsa ku dipatimenti, ku komiti, mpaka ku seneti, ndipo maphunziro onse amaunikidwa ndi NCHE, bungwe loyang'anira sukulu za ukachenjede limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011. Kusuntha malikisi kuwachotsa ku mayeso olemba kuwapititsa ku ntchito ya manja kunafuna makalata ndi kudikira. Apa mpamene ndinaona phindu la kaofesi kaja. Mayi aja ankadziwa chimene ndingasinthe mawa lomwe popanda kupempha, ndi chimene chifunika kudikira msonkhano. Pandekha ndikanangogwa mphwayi.

Chinthu chachiwiri chimene anachita ndicho kudzakhala m'kalasi mwanga. Ndinagona mochedwa kukonzekera, ndinavala tayi. Anakhala kumbuyo kwenikweni ndi kabuku, osayankhula. Titatuluka sananene kuti zinali bwino kapena ayi. Anangotsegula kabuku kaja.

"Mwafunsa mafunso asanu ndi awiri. Asanu mwayankha nokha. Awiri wayankha mnyamata wa kutsogolo uja. Mukafunsa mumadikira kanthawi kosakwana kumeza malovu."

"Koma amayi, anawa sayankha."

"Mwawapatsa mpata? Funsolo likubwera m'Chingerezi, mwana alitembenuze mumtima, apeze yankho, alibwezenso m'Chingerezi, aonenso ngati anzake samuseka. Inu mwadutsa kale."

Anandiphunzitsa njira imene Eric Mazur, mphunzitsi wa fizikisi ku Harvard, anayamba kugwiritsa ntchito kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990. Umafunsa funso lokhala ndi mayankho angapo, aliyense asankhe payekha, kenaka atsutsane ndi woyandikana naye, asankhenso. Kwina amavotera pa timakina. Ife tinadula makatoni a sopo n'kulembapo A, B, C, D. Funso langa loyamba linali lakuti: madzi a mumtsinje ali mbuu ndi matope, mwathira klorini muyezo wa masiku onse, mwadikira mphindi 30, kodi amweka? Makatoni ambiri anati inde. Ndinangoti kambiranani. Kalasi inasanduka msika wa pa Chitakale, ndipo zokambiranazo zinali m'Chichewa, ena mpaka kuponyamo Chilomwe. Ndinamva mtsikana wina akuuza mnzake, "Iwe, klorini amathera m'matopemo, tizilombo n'kubisala. Uyambe wasefa kaye." Pa chisankho chachiwiri makatoni anatembenuka. Chimene ndinkachifotokoza theka la ola ndi mawu a NTU, muyezo wa kuda kwa madzi, mwanayo anachimaliza m'mpweya umodzi. Kuyambira pamenepo sindiletsa Chichewa pokambirana, ngakhale mayeso amalembedwa m'Chingerezi.

Za intaneti ndingodutsapo. Sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19 tonse tinathamangira pa Moodle, tsamba lophunzitsira pa intaneti, ndi WhatsApp, ndipo tinaphunzira kuti vidiyo ya ola lathunthu ndi chilango kwa mwana wogula bandulo ya tsiku. Pano ndimajambula mawu a mphindi zisanu ndi tsamba limodzi. Zimenezo zimafika ngakhale kumene netiweki imachita kusakidwa pachulu.

Kaofesi kaja kalinso ndi kathumba kothandizira mphunzitsi wofuna kuyesa zatsopano. Si ndalama zambiri, ndipo zinatuluka semesita itapita kale pakati, koma zinakwana minibasi, mabotolo, bokosi lozizira ndi timapilitsi ta DPD, timene timasandutsa madzi kukhala apinki ngati muli klorini. Ndinasankha kubwera ndi anawo kwathu. Mulanje ndi kalasi yokwana: madzi otsika okha m'mapaipi kuchokera m'phiri, mijigo, zitsime, mitsinje ngati Likhubula, Lichenya ndi Ruo. Komanso namondwe Freddy, mu Malichi 2023, anali atakokolola mapaipi ambiri, anthu n'kubwerera kumtsinje.

Ulendowo sunayende monse mmene ndinaulembera. Chiperoni chinatinyowetsa, gulu lina linaiwala kulemba nthawi pa mabotolo, ndipo ana ochuluka chotero pa mjigo umodzi ndi chipwirikiti. Amayi odzatunga anadikira mpaka ena kuyamba kung'ung'udza, ndipo sanalakwe. Chaka chino ndidzayamba ndakaonana ndi komiti ya mjigo, n'kuwagawa anawo pawiri. Pa mafomu oti ophunzira anene maganizo awo, angapo analemba kuti sala saperekanso manotsi okwanira. Mnzanga wina wa mu dipatimenti anandiuza poyera kuti ndikudzichulukitsira ntchito yosakweza munthu pa udindo, poti pokweza amawerenga kafukufuku amene wasindikiza. Sindinamutsutse. Kuyesa ana mmodzimmodzi pa mpopi kunandidyera masiku atatu amene ndikanalemba pepala langa. Sukulu ikafunadi kuti aphunzitsi asinthe, maphunziro a masiku atatu ndi fanta sizikwanira. Nthawi imene munthu wathera pokonza kosi iziwerengedwa ngati ntchito, ndipo izioneka pa tsiku lokweza anthu.

Mlangizi wa njinga uja ndinamupempha kuti adzatithandize tsiku limenelo, ndipo ndi iye anaonetsa ana katungidwe, ine ndili pambali ndi bokosi lozizira. Atamaliza anaitana mnyamata mmodzi kuti ayese. Mnyamatayo anatsegula botolo, n'kuima kaye, maso akusakasaka poika chitsekero. Anzake kumbuyo anakuwa onse pamodzi, "Usaike pansi!" Anachipana ndi kachala kakang'ono, natunga, nasiya kampata, natseka. Bambo aja anatenga botololo, kuliyang'ana kudzuwa, n'kundipatsira.

"Ili ndiye mukhoza kupita nalo, aphunzitsi. Koma walemba tsiku la dzulo."