Wotchi imene ndinaipukuta mpaka kuigwetsa mtengo

Ine ndi mlongo wanga tinayamba ntchito yokonza mawotchi ndi tebulo limodzi, nyali ndi kagalasi kovala padiso. Tinkasintha mabatire, malamba ndi magalasi osweka, basi.

Tsiku lina bambo wina anabweretsa wotchi yopanda batire, ija yochita kukunga ndi zala m'mawa uliwonse. Dzina limene linalembedwa pamenepo sitinkalidziwa. Anangoti, "Mungondiyeretserako." Ine pofuna kuonetsa luso ndinaiika pamakina opukutira mpaka timizere tonse tokandika tinatha, wotchi n'kumati waliwali. Patapita miyezi bambo aja anabwera nkhope itagwa. Munthu amene ankafuna kuigula anatsitsa mtengo kwambiri ataona kuti m'mbali mwake, momwe mmisiri anasiya muli mwakuthwa, munali mutafafanizika. Iwo sanandikalipire, koma ine tulo sindinatione. Ndinali nditafufuta ntchito ya manja a munthu, ndipo chitsulo chikapalidwa sichibwerera.

Manyazi amenewo ndi amene anatitsegula maso. Tinayamba kuwerenga za amisiri opanga mawotchi odziimira paokha, amene salembedwa ntchito ndi makampani akuluakulu. Ena a iwo ali m'bungwe la AHCI, limene Svend Andersen ndi Vincent Calabrese anayambitsa mu 1985. Mlongo wanga anakopeka ndi George Daniels wa ku Britain, amene ankapanga yekha pafupifupi kachitsulo kalikonse ka wotchi, ndipo njira yake yoyendetsera makina a wotchi, yotchedwa co-axial, kampani ya Omega inayamba kuigwiritsa ntchito mu 1999. Wophunzira wa Daniels, Roger Smith, akupitirizabe ntchitoyo pachilumba cha Isle of Man. Ine mtima wanga unagwera kwa Philippe Dufour wa ku Vallée de Joux, ku Switzerland. Wotchi yake ya Simplicity, imene inatuluka mu 2000, imangouza nthawi, ilibe zina zambiri. Koma muitembenuze, muvale kagalasi. M'mphepete mwa kachitsulo kalikonse anasema mopendekera n'kusalaza ndi kamtengo kotchedwa gentian, ndipo pamene mizere iwiri yakumana pamatuluka kangodya kakuthwa kolowa m'kati. Makina amazungulira, motero pamalo otere amasiya pobulungira. Kangodya kameneko kamatheka ndi dzanja lokha. Lero wotchi ikafika, ndimayamba kusuzumira pamenepo ndisanaone n'komwe dzina.

Mpamba wogulira mawotchi oterewa tilibe, ndipo sitinama. Wotchi ya m'thumba ya Daniels yotchedwa Space Traveller I inagulitsidwa mapaundi 3.6 miliyoni ku kampani yogulitsa zinthu pa okushoni ya Sotheby's mu 2019; ife ndife yani? Chimene timachita n'kusunga wotchi ya mwiniwake, kuifufuza, kuijambula, kupeza wogula, ndiye n'kutapapo gawo lathu. Timaona nambala, mapepala ndi bokosi, kenako timalembera kumene inapangidwa. Ubwino wa amisiriwa ndi womwewo: amapanga ochepa, ndiye kawirikawiri amakhala ndi kaundula wa wotchi iliyonse. Yankho limatha kuchedwa milungu, wogula n'kutopa n'kupita. Tinaphonyapo malonda motero kangapo, mlongo wanga n'kumandiyang'ana ndi diso lofiira.

Pali funso limodzi limene ndimafunsa wogula aliyense, ngakhale limaziziritsa malonda: "Kodi ikadzawonongeka, adzakonze ndani?" Giya ya wotchi imene anapanga makumi ochepa okha siipezeka m'kabati ya zipangizo. Mwina ibwerere kwa mwini luso, mwina wina asemenso yatsopano kuchokera pa chitsulo, ndipo zonsezi zimafuna kudikira. Amene akufuna phindu la mawa ndimamuuza kuti akayese kwina.

Makina opukutira aja alipobe, koma ali pansi pa tebulo, tinawaphimba ndi nsalu. Chaka chatha bambo aja anabweranso ndi wotchi yachiwiri, ya Kari Voutilainen, mmisiri wa ku Finland amene anakhazikika ku Switzerland. Anaiika patebulo, n'kuloza kamzere kokandika pafupi ndi lamba.

"Aka mukasiye, achimwene. Ndinakakanda ndekha."