Sabata ya mapesi ndi maungu

Lolemba m'mawa ndinali kale paminibasi ya ku Mitundu, matumba opanda kanthu ali m'manja. Ntchito yanga ndi yokongoletsa malo a maukwati ndi zinkhoswe mu Lilongwe muno, ndipo Loweruka kunali chinkhoswe ku Area 25. Mwini chinkhoswe ananeneratu kuti safuna mabaluni kapena maluwa apulasitiki. Ankafuna zakumunda, poti unali mwezi wa Meyi, nyengo ya masika.

Kumudzi ndinapeza mikukwe ili mbwee m'minda. Ndinagula ngala za mapira, maungu 30, zikho, malichero ndi chimanga chosasenda. Makoko anandipatsa ulere. Agogo ena anandifunsa modabwa: "Mwanawe, zinyalalazi ukatani nazo m'tauni?"

Lachiwiri mayi a mtsikana anabwera kunyumba kwanga nkhope ili yakugwa. "Mwanangu, akuchimuna akadzaona mapesi muholo, sadzati tasauka?" Funso limeneli linandikhudza, chifukwa ambiri tinakula tikumva kuti chonyezimira cha m'sitolo ndiye ulemu. Sindinatsutsane nawo. Ndinayala mkeka patebulo, pakati n'kuikapo lichero la mtedza ndi nzama, m'mbali ngala za mapira zomanga ndi khonje. Anayang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Lichero limeneli likhale patebulo la ankhoswe." Ndinadziwa kuti tamvana.

Ntchito yeniyeni inali Lachitatu ndi Lachinayi. Makoko ouma amathetheka ukawapinda, ndiye timayamba tawaviika m'madzi ofunda kuti afewe, kenaka timawang'amba timizere n'kupota maluwa. Atsikana awiri amene ndimagwira nawo ntchito anapota maluwa oposa 200, zala mpaka kutupa. Duwa lapulasitiki umangolitulutsa m'katoni, pomwe ili limadya nthawi, ndipo mtengo wanga sunatsike ngakhale makoko anali aulere. Chimanga china tinachipeza ndi anankafumbwe. Tinachiyanika padzuwa n'kusankha chabwino chokha. Mu udzu umene mnyamata wathu anamweta munali chitedze, moti mtolo wonse tinauchotsa, iye akudzikanda mpaka madzulo.

Lachisanu muholo ndinakana makandulo. Mapesi ouma ndi moto siziyandikana, makamaka pamene ana akuthamangathamanga. Tinaika timagetsi tasola m'zikho zoboola, ndipo kutada kuwala kunkatulukira m'timabowo.

Loweruka, nthawi ya perekaniperekani, ndalama zinkagwera m'malichero omwewo. Azakhali ena akuchimuna anatola ngala ya mapira n'kuyamba kufotokozera adzukulu awo momwe ankaingitsira mbalame kumunda ali mtsikana. Ndinaima pakhomo kumvetsera, ntchito nditaiwala.

Tsiku limene ndimadana nalo pantchitoyi ndi Lamulungu, losesa. Zaka zonsezi ndakhala ndikutulutsa matumba a mabaluni ophulika ndi maliboni, ndipo ndikadutsa pamlatho wa mtsinje wa Lilongwe, n'kuona mapulasitiki atakodwa m'mabango, mtima umandipweteka podziwa kuti enawo ndi a ife okongoletsa. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala mu 2015, khoti lalikulu la apilo n'kuvomereza chiletsocho mu 2019, koma zokongoletsera zathu zikutayidwabe chimodzimodzi.

Lamulungu limeneli maungu anagawana achibale, malichero anapita ndi ankhoswe, mapira anatenga mlonda wa paholo kuti akapatse nkhuku zake. Mapesi ndi makoko tinakathira m'dzenje la manyowa kuseri kwa nyumba yanga. Cha m'ma 10 koloko holo inali mbee, ndipo ndinafika kutchalitchi ulaliki usanayambe.