Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 14: Mpikisano wa All England ndi Ankolo a ku Penang

M'gawo lapitalo ndinafotokoza mmene ndinapezera ntchito m'nyumba yosamalira okalamba mumzinda wa Birmingham chakumapeto kwa chaka cha 2010, komanso mmene chisanu cha chaka chimenecho chinandizunzira. Lero ndilemba za mpikisano wa masewero a badminton wotchedwa All England, chifukwa kuchokera nthawi imeneyo mwezi wa Malichi ukamayandikira tchuthi changa ndimachikonza motsatira mpikisanowu, ndipo anzanga ambiri amene ndili nawo kuno ndinadziwana nawo chifukwa cha iwo. Pamene ndinkakula ku Zomba, masewero amene tinkawadziwa anali mpira wamiyendo, mpira wamanja ndi bawo. Badminton ndinkangoionera patali, ndipo ndinkaiyesa masewero a ana a anthu olemera ongotayitsa nthawi pakapinga.

Amene anandisintha maganizo ndi bambo ena achikulire amene ndinkagwira nawo shifiti ya usiku. Kwawo kunali ku Penang, m'dziko la Malaysia, ndipo anabwera ku Britain m'zaka za m'ma 1970 kudzaphunzira unamwino. Tonse pantchitopo tinkangowatchula kuti ankolo. Anali munthu wosakonda kulankhulalankhula, koma usiku wina okalamba onse atagona, tikumwa tiyi m'kachipinda ka antchito, anatulutsa matikiti awiri m'thumba la jekete n'kundiuza kuti, "Mwana wanga, sungakhale mumzinda uno n'kumangodziwa msewu wa kuntchito ndi wa kutchalitchi. Lamlungu likubwerali ukapemphere m'mawa, masana tipitire limodzi." Ndinavomera chifukwa cha ulemu chabe.

Linali tsiku la ndime yomaliza ya mpikisano wa 2011, m'holo yaikulu imene nthawi imeneyo inkatchedwa National Indoor Arena, imene ili m'mbali mwa ngalande zamadzi pakati pa mzinda. Amene ankalimbirana chikho cha amuna osewera mmodzimmodzi anali Lee Chong Wei wa ku Malaysia ndi Lin Dan wa ku China, amene amagwira raketi ndi dzanja lamanzere. Chimene chinayamba kundidabwitsa chinali phokoso. Kampira kamene amasewerera n'kopangidwa ndi nthenga 16 za tsekwe ndipo kamalemera magalamu 5 okha, koma wosewera akadumpha n'kukamenya molozetsa pansi kamalira kuti phaa, holo yonse n'kumva, ndipo kamathamanga liwiro loposa makilomita 300 pa ola. Kenaka munthu yemweyo amangokakhudza pang'ono, kampirako n'kukwawa pamwamba pa neti n'kugwera tsidya lina mwaulesi. Nthenga zikangophwanyika pang'ono, wosewera amakaonetsa kwa woyimbira kuti apatsidwe kena, ndipo ndinaona kuti ngakhale pamenepo pali nzeru, chifukwa wotopa amapempha kusintha kampira kuti apeze mpata wopuma. Lee anapambana zigawo zonse ziwiri ndi mapointi 21 kwa 17. Ankolo, amene ndinali ndisanawamvepo akukweza mawu, anaimirira n'kumakuwa m'chinenero chakwawo, misozi ili mbwembwembwe.

Pobwerera m'basi ndi pamene anayamba kundifotokozera mbiri ya mpikisanowu, ndipo nkhaniyo inapitirira kwa miyezi yambiri pa tiyi wathu wa usiku. Zina ndinadzaziwerenga ndekha pambuyo pake. Mpikisanowu unayamba m'chaka cha 1899 mumzinda wa London, m'holo imene asilikali a gulu la London Scottish ankachitiramo perete, ndipo chaka choyambacho munali masewero a awiriawiri okha. A mmodzimmodzi anayamba mu 1900, pamene Sydney Smith anapambana kumbali ya amuna ndipo Ethel Thomson kumbali ya akazi. Kuchokera apo mpikisanowu unaima kawiri kokha, kuyambira 1915 mpaka 1919 komanso kuyambira 1940 mpaka 1946, chifukwa cha nkhondo ziwiri zikuluzikulu zapadziko lonse. Mpikisano wovomerezeka wa akatswiri a dziko lonse unadzayamba mu 1977 ku Malmö, m'dziko la Sweden, choncho kwa zaka zoposa 70 aliyense wopambana All England ndiye ankatengedwa kukhala katswiri wa dziko lapansi.

Zaka zoyambirira zikho zinkangozungulira pakati pa anthu a ku England ndi ku Ireland. Sir George Thomas, amene analinso katswiri wa masewero a chess, anapambana zikho 21, ndipo mpaka lero palibe amene anamuposa. Frank Devlin wa ku Ireland anapambana 18. Koma mu 1938 Ralph Nichols atatenga chikho cha amuna osewera mmodzimmodzi kachisanu, chikhocho chinatsanzikana ndi eni nthaka, moti kufikira lero palibe mwamuna wa ku England amene anachitenganso. Chaka chotsatira chinapita ku Denmark ndi Tage Madsen. Kumbali ya akazi, Mngelezi womaliza kupambana anali Gillian Gilks mu 1978.

Ankolo akafika pa zaka za pambuyo pa nkhondo yachiwiri, tiyi wawo ankachita kuzizira m'kapu. Sir George Thomas uja anapereka chikho choti mayiko azilimbirana, chimene chimatchedwa Thomas Cup, ndipo oyamba kuchitenga mu 1949 anali anyamata a ku Malaya (dera limene lero ndi mbali ya Malaysia), amene anagonjetsa Denmark 8 kwa 1 m'tauni ya Preston. Chaka chotsatira Wong Peng Soon wa ku Malaya anakhala munthu woyamba wa ku Asia kupambana chikho cha All England cha amuna osewera mmodzimmodzi, ndipo anabwerezanso mu 1951, 1952 ndi 1955. Zaka zotsalazo, 1953, 1954, 1956 ndi 1957, chikho chinatengedwa ndi Eddy Choong, mwana wa ku Penang komwe kwawo kwa ankolo. Zaka zonsezi Malaya inali idakali pansi pa ulamuliro wa Britain, popeza inalandira ufulu mu Ogasiti 1957, patatsala zaka 7 kuti ife a Nyasaland tilandire wathu. Ankolo ankati bambo awo, amene anali kalaliki, ankalankhula za zikho zimenezi monga umboni wakuti mtsamunda angathe kugonja m'nyumba mwake momwe, pa masewero amene malamulo ake analemba yekha. Nditamva zimenezi ndinasiya kuona badminton ngati masewero a pakapinga.

Anthu akamakangana zakuti katswiri woposa onse ndani, ambiri amatchula Rudy Hartono wa ku Indonesia, amene anapambana koyamba mu 1968 ali ndi zaka 18, n'kupitiriza chaka ndi chaka mpaka 1974. Mu 1975 anagonja kwa Svend Pri wa ku Denmark, koma mu 1976 anabweranso kudzatenga chikho chachisanu ndi chitatu, ndipo potero anaposa Erland Kops wa ku Denmark amene anali nazo 7. Ine maganizo anga amapita kwa Judy Devlin, mwana wamkazi wa Frank Devlin uja, amene atakwatiwa ankadziwika kuti Judy Hashman. Mayi ameneyu, amene ankaimira dziko la America, anatenga chikho cha akazi osewera mmodzimmodzi maulendo 10 pakati pa 1954 ndi 1967, kuwonjezera pa zina zimene anapambana posewera awiriawiri ndi m'bale wake Susan. Kukhala pamwamba kwa zaka 13 si chinthu chamasewera, ndipo zimandidandaulitsa kuti dzina lake silitchulidwa kawirikawiri monga mmene amatchulira mayina a amuna.

Kuyambira 1957 mpaka 1993 mpikisanowu unkachitikira ku Wembley, mumzinda wa London, ndipo ankolo ankakwera sitima kupita kumeneko ndi kamba wa mpunga m'chikwama, chifukwa malipiro a namwino wophunzira sankalola kugula chakudya m'holo. Kumeneko anaona ndi maso awo Prakash Padukone wa ku India akugonjetsa Liem Swie King wa ku Indonesia mu 1980, anaona Morten Frost wa ku Denmark akupambana kanayi, ndiponso anaona kufika kwa osewera a ku China kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, amene anasintha masewerowa ndi liwiro lawo. Chimene sanachione kwa nthawi yaitali chinali mwana wakwawo atanyamula chikho cha mmodzimmodzi, popeza kuchokera pamene Tan Aik Huang anapambana mu 1966, Malaysia inadikira zaka 37 mpaka Muhammad Hafiz Hashim anapambana mu 2003. Pofika nthawi imeneyo mpikisano unali utasamukira kale ku Birmingham, kumene wakhala ukuchitikira kuyambira 1994, ndipo ankolo ankanena moseka kuti mpikisanowo ndiwo unawatsatira.

Chaka ndi chaka ndikakhala m'holo ija ndimayang'ana anthu amene akugwira ntchito. Oonetsa anthu malo okhala, opukuta thukuta pabwalo, ndi ambiri mwa oyang'anira mizere ndi anthu a konkuno, ena mwa iwo agogo a imvi zawo amene amadzipereka popanda malipiro. M'mipando namo mumadzaza mbendera za Indonesia, Malaysia, India, China, Japan ndi Denmark, zonyamulidwa ndi ophunzira, anamwino, oyendetsa matakisi ndi ophika m'malesitilanti. Angelezi pa mpikisanowu ali ngati mwini ukwati amene amaphika, kuyala mipando ndi kugawa chakudya, iye osalawa n'komwe nyama. Chikho chomaliza chimene anatenga chinali cha mu 2005, pamene Nathan Robertson ndi Gail Emms anapambana pa masewero a mwamuna ndi mkazi. Komabe sindinawaonepo akuuchita mpikisanowu mwamphwayi, ndipo ine, amene masiku amenewo ndinkadziona mlendo paliponse mumzindawu, m'holo imeneyo ndinkakhala momasuka chifukwa pafupifupi aliyense woyandikana naye anali wobwera ngati ine ndemwe.

Mu 2012 Lee ndi Lin anakumananso m'ndime yomaliza, koma Lee anavulala n'kusiyira masewero panjira, ndipo ankolo sanalankhule kanthu ulendo wonse wobwerera. Lin Dan anatsiriza ndi zikho 6 za All England, chomaliza mu 2016, pamene Lee Chong Wei anatenga 4, mu 2010, 2011, 2014 ndi 2017. Lee anafika m'ndime yomaliza ya masewero a Olimpiki katatu, mu 2008, 2012 ndi 2016, koma maulendo onse anabwerako ndi mendulo yasiliva, ndipo anasiya kusewera mu 2019 atadwala khansa ya m'mphuno. N'chifukwa chake kwa anthu a ku Malaysia amene ndimadziwana nawo, Birmingham ndi mzinda umene mwana wawo analandirako ulemu womuyenera.

Ine ndinagula raketi yotchipa n'kuyamba kusewera Lachiwiri madzulo m'holo ya sukulu ina, pamodzi ndi anzawo a ankolo. Ndinayamba nditakula kale, mawondo atayamba kudandaula, choncho sindinapite patali, koma gulu limenelo ndi limene linandithandiza kupeza nyumba yabwinoko pamene mayi a kunyumba ndi mwana wathu anabwera kudzakhala nane. Mwanayo ndiye anaitenga badminton ndi mtima wonse, makamaka ataona Carolina Marín wa ku Spain akupambana mu 2015, ndipo lero ndikasewera naye amachita kundimvera chisoni.

Mpikisano wa 2020 unachitika pakati pa mwezi wa Malichi, matenda a Covid-19 atayamba kale kufala. Tikiti ndinali nayo, koma poganizira okalamba amene ndinkawasamalira sindinapite, ndipo Viktor Axelsen ndi Tai Tzu-ying ndinawaonera pa kanema akulandira zikho. Pa 23 Malichi boma linalamula kuti anthu akhale m'nyumba. Mu 2021 mpikisano unachitika m'holo yopanda oonerera, ndipo timu yonse ya Indonesia inachotsedwa mumpikisano chifukwa munthu wina amene anakwera nawo ndege imodzi anapezeka ndi kachilomboka. Chaka chimenecho Lee Zii Jia wa ku Malaysia anagonjetsa Axelsen m'ndime yomaliza, chigawo choyamba chitatha 30 kwa 29. Ankolo, amene anali atapuma ntchito ndipo sankatuluka m'nyumba, anandiimbira foni masewero atangotha, mawu atasasa, n'kundiuza kuti aneba awo anagogoda pakhoma kuti achepetse phokoso. Zimene zinkachitika kuntchito kwathu m'miyezi imeneyo ndidzazifotokoza m'gawo lotsatira.