Lachitatu: khona la pachitsetse ndi dzina la galu

Ndalawirira ku ofesi chifukwa khona lija linandisowetsa tulo. Ndi kachigawo ka msewu wotsika phiri, ndipo kumunsi kwake kuli kamsika komwe amayi amayala tomato ndi nthochi m'mphepete mwenimweni mwa phula. Masaveya anabweretsa manambala awo Lolemba, ndinawalowetsa dzulo mu Civil 3D, pulogalamu ya pakompyuta yomwe timajambulira misewu, ndiye lero kunatsala kukhotetsa mzere wa pakati pa msewu.

Ambiri amayesa kuti kompyuta ndiyo imajambula msewu. Ayi ndithu. Iwe ndiwe umaiuza liwiro la galimoto, iyo n'kukuuza ngati khona lako lafinyika. Ndinaika makilomita 80 pa ola, msewu wopendekera mkati 6 pa 100, ndipo pamenepo radius, muyeso wa kutambasuka kwa khona, siyenera kuchepera mamita 250 kapena chapomwepo. Phirilo likungolola 140. Kachizindikiro kachikasu kochenjeza kanatulukira pompo. Nditatsitsa liwiro kufika pa 60, pomwe mamita 135 amakwanira, kachizindikiro kaja kanazimiririka.

Koma mtima wanga sunakhale pansi. Amene anatsikapo Chiweta kapena mapiri a ku Chikwawa kumbuyo kwa thiraki yodzadza amalidziwa fungo la mabuleki akamapsa. Woyendetsa wake sadzaona 60 wanga wa pakompyuta. Pa ntchito yathu timawerengera kuti munthu amatha masekondi awiri ndi theka asanaponde buleki, ndipo ngati akuthamanga 80, wayenda kale mamita 55. Amayi a tomato aja mu Civil 3D mulibemo, akabaza mulibemonso, pokhapokha ine nditawakumbuka. Ndinalowa kwa abwana n'kuwapempha kuti tigumuleko phiri ndi kuika kanjira ka oyenda pansi.

"Ndalama zake zichokera kuti, achimwene?"

Atayang'anitsitsa mapu anati ndijambule njira zonse ziwiri, tikazionetse kwa eni ntchito.

Madzulo ndinapeza bambo afika kuchokera ku Thyolo. Titadya nsima ndinawaikira filimu yomwe mnzanga anandipatsa, The Dam Busters ya 1955, yonena za injiniya Barnes Wallis ndi bomba lake lodumphadumpha pamadzi lomwe linagumula madamu a ku Germany mu May 1943, pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Luso lake linandigwira mtima. Ndege zinayenera kuuluka mamita 18 okha pamwamba pa madzi, usiku, ndiye anamangirira nyali ziwiri kumimba kwa ndege: kuwala kwake kukakumana pamadzi, ndiye kuti msinkhu wakwana.

Koma mufilimumo muli galu wakuda wa Guy Gibson, mtsogoleri wa asilikali a ku Britain oyendetsa ndegezo. Dzina la galuyo ndi liwu lija azungu ankatukwanira nalo anthu akuda, ndipo pano sindililemba. Amamuitana nalo mwansangala, akumusisita, kangapo konse. Galuyo atagundidwa ndi galimoto, dzina lomwelo ndilo likumveka pa wailesi ngati chizindikiro chakuti damu la Möhne lagumuka, anthu n'kumagwirana chanza.

Ndinaimitsa filimu. "Bambo, mwamva?"

Anagwedeza mutu. Kenaka anandiuza za agogo, amene anavala yunifomu ya King's African Rifles n'kukamenya nkhondo yomweyo ku Burma. Atabwerako analowa ntchito m'minda ya tiyi, ndipo mpaka imvi zili mbuu kumutu, mzungu wamsinkhu wa mwana wawo ankawaitana kuti "boyi". Bambo akuti ankaona agogo akuvula chipewa n'kuvomera, koma pofika kunyumba sankalankhula ndi munthu mpaka kugona.

Chimene chinandipweteka kwambiri ndi bata lomwe liwulo likutulukira mufilimumo. Palibe wokwiya, palibe wofuna kutukwana. Kwa iwo linali dzina chabe la galu wokondedwa, pamene amuna ngati agogo ankafera ufumu womwewo. Ku America anasintha dzinalo kuti lizimveka Trigger, ndipo mu 2020 a RAF, asilikali a ndege a ku Britain, anachotsa mwala wa pamanda a galuyo ku bwalo lawo la ndege la Scampton n'kuika wina wopanda dzina. Za mwalawo ndikugwirizana nazo, chifukwa asilikali akuda ankadutsa pamenepo. Koma filimuyo ine ndingakonde isadulidwe, ingoyamba ndi mawu ofotokoza, kuti ana athu adzionere okha mmene zinthu zinalili.

Bambo anati timalize, ndipo tinamaliza. Iwo atapita kogona ndinatsegula laputopu n'kuyamba kujambula kanjira ka oyenda pansi kaja, mamita awiri m'lifupi, kuchokera pakhona mpaka kupitirira msika. Mawa 8 koloko ndikaonana ndi abwana.