Momwe ndinasankhira makolo a agalu anga osaka ku Chadiza

Galu wanga wamkazi, Tilipo, ndinayamba ndamuonetsetsa kutchire nthawi ya lupsa ndisanaganize zoti abereke. Mphuno yake ndi yakuthwa: kalulu akadutsa mbandakucha, iye amalondolabe fungo dzuwa litakwera. Amamva mluzu, salimbana ndi mbuzi za eni, ndipo akagwira nyama sathawa nayo. Chomwe chimamuchepera ndi liwiro, moti padambo poyera kalulu amamusiya.

Ndinkafuna tsono galu wamphongo wamiyendo yaitali ndi chifuwa chakuya, koma woti nayenso amanunkhiza. Ambiri amaganiza kuti waliwiro akakwera wafungo, ana atenga zonse ziwiri. Sizikhala choncho nthawi zonse. Mwana atha kutengera kuchedwa kwa mayi ndi mphuno yakufa ya bambo, n'kukhala galu wongodya nsima. N'chifukwa chake sindilola kholo lolepheratu mbali imodzi, ngakhale likongole chotani.

Pamudzi pathu agalu onse ndi apachibale, ndipo kukweretsa pachibale kumabweretsa ana ochepa, onyentchera, ena nsagwada zosalumana. Ndinapalasa njinga mpaka cha ku Katete, kwa mlenje wina wachikulire.

"Agogo, ndadzapempha mbewu ya galu wanu."

"Mwanawe, uyambe wamuona akugwira ntchito, usatengeke ndi msinkhu."

Galuyo tinapita naye kumunda komwe anyani ankathyola chimanga. Ndinaona kathamangidwe kake, ndinapenda mano ndi mapazi, n'kufunsanso za mayi ake ndi abale ake obadwa nawo. Tinapangana kuti malipiro adzakhala mwana mmodzi.

Povuta penipeni ndi pa nyengo yofuna wamphongo. Imabwera pafupifupi kawiri pachaka ndipo imatha masabata ngati 3. Masiku oyamba wamkazi amataya magazi n'kumakana. Kawirikawiri amalola kuyambira tsiku la 10 mpaka la 14. Nthawi yonseyo Tilipo ndinamutsekera m'khola lolimba, chifukwa ana a mimba imodzi atha kukhala ndi abambo osiyana, ndipo galu mmodzi wongoyendayenda akhoza kuwononga zonse usiku umodzi. Agalu akamangana musawalekanitse ndi ndodo, mungawavulaze, amamasukana okha.

Mimba ya galu ndi masiku pafupifupi 63. Chakumapeto ndinamuleketsa kusaka, n'kumamuwonjezera kapenta ndi mazira m'chakudya. Ana anatsegula maso atatha masabata 2, ndipo ndipamene ndinayamba kuwapatsa mankhwala a njoka zam'mimba.

Posankha sindinathamangire wonenepa. Atakwana masabata 8 ndinkakoka chikopa cha kalulu pansi n'kuchibisa paudzu. Amene ankaika mphuno pansi, osadzidzimuka ndi phokoso, n'kubwera ndikaitana, ndiwo ndinasunga. Agogo aja anasankha wawo, otsalawo ndinapatsa ofuna agalu olonda pakhomo. Pa miyezi 3 onse anabayidwa katemera wa chiwewe kwa alangizi a ziweto.

Mnzanga wina wa ku Mfuwe anapempha mmodzi, ndinamukaniza. Kuchigwa cha Luangwa kuli kashembe, ndipo matenda ake amapha agalu. Komanso kumeneko paki ya South Luangwa ili pafupi, ndipo kulowamo ndi galu wosaka ndi mlandu. Anga ndikuwaphunzitsa kuno kumtunda, kuyambira chaka chino azitsata mayi awo pothamangitsa anyani ndi nguluwe m'minda.